Tsiku Limene Anapopa Madzi M'chifuwa mwa Apongozi Anga

Zaka ziwiri zoyamba za ukwati wanga, apongozi anga aamuna ndinkawadziwa mapazi okha. Ndikanatha kukufotokozerani nsapato zawo zakuda za pa Sabata, chala chachikulu chimene ng'ombe inawaponda kalekale, ngakhale ming'alu ya kuzidendene. Koma mukanandifunsa ngati anali ndi ndevu, sindikanakuyankhani.

Ine kwathu ndi ku Ntchisi. Kumeneko wothawa apongozi ndi mwamuna: iye ndiye amabwera kudzakhala kwa mkazi, iye ndiye amapatukira patchire akaona mayi a mkazi wake akubwera m'njira. Bambo anga anakalamba akuponda minga chifukwa cha apongozi awo, ife ana tikuseka. Ndiye ine, ndi nzeru zanga zonse, ndinakakonda mphunzitsi wa ku Nkhamanga, kufupi ndi Bolero, kumene ng'ombe zimapita kwa mkazi, mkazi n'kupita kwa mwamuna. Walira mvula walira matope. Minga ija inakhala yanga.

Tsiku lachiwiri nditafika, mlamu wanga wamkazi anandikhazika pamphasa n'kundiuza malamulo a mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wa pakhomo. Adada usawayang'ane kumaso. Usadye iwo akuona. Ukakumana nawo m'njira, patuka, gwada, yang'ana kumbali. Ukafuna kuwauza kanthu, tuma amama kapena mwana aliyense. Zowakhudza sanatchule n'komwe, poti palibe anaganizapo kuti zingachitike.

Ndinafunsa kuti, "Nanga nyumba ikamapsa iwo ali m'kati?"

"Uzikuwa utagwada," anatero mlamu wanga, osaseka ngakhale pang'ono.

Apongozi angawo anali mphunzitsi wopuma ntchito ndiponso mkulu wa mpingo, koma ulemu wawo weniweni unali pa nyimbo. Tchalitchi chathu chinalibe choimbira chilichonse. Nyimbo ankayambitsa ndi iwo. M'thumba la jekete ankasungamo kachitsulo ka mphanda kamene anapatsidwa ali pasukulu ya mishoni. Ankakamenya pabondo, kukaika kukhutu, kung'ung'udza pang'ono, kenako n'kuyamba, mpingo wonse n'kutsatira. Anthu ankati chiyambire sanaphonyepo. Wina akakweza mawu kupitirira, ankaimika dzanja, tchalitchi chonse zii, n'kuyambiranso. Tsoka lake, ine mawu anga ndi aang'ono, okonda kukwera, monga timaimbira kwathu. Pafupifupi Lolemba lililonse apongozi aakazi ankandipeza ndikusinja n'kunena kuti, "Adada akuti dzulo wina kumbali ya amayi amakwera mumtengo." Wina wake ameneyo tonse tinkamudziwa.

Ndinkaganiza kuti sandifuna. Chifukwa chinalipo. Kuyambira pamene wailesi inasiya kulankhula Chitumbuka, iwo anaiphimba ndi nsalu n'kusanjikapo Baibulo. Kenako mwana wawo n'kuwabweretsera wailesi ina yoyenda ndi miyendo, yolankhula Chichewa kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Komabe nditaima, ndinayamba kupeza malalanje awiri pamtondo m'mawa uliwonse. Mtengo wa malalanje pamudzi ponse unali umodzi, kuseri kwa nyumba yawo, ndipo ngakhale mbalame zinkauopa.

Chifuwa chinawayamba mvula ili kumapeto. Iwo ankati ndi chimfine. Tinawafukiza masamba a bulugama, tinawaphikira mandimu, koma thupi linkangotha. Pofika nyengo yozizira, mphepo ya ku Nyika ikutsika, anali atasiya kugona chagada. Ankatsamira khoma n'kupendekera mbali imodzi. Sabata lina mawu anawathera pakati pa ndime yoyamba. Anakhala pansi, kachitsulo kaja kali m'manja, ndipo nyimbo anamaliza ndi ena. Lolemba lake sanatumize dandaulo lililonse, ndipo ine ndinachita mantha.

Mwamuna wanga n'kuti akuphunzitsa ku Chikwawa, ulendo wa masiku. Achimwene ake anali ku migodi ku Zambia. Ndiye kunabwera lole ya chipani kudzatenga amayi onse a m'mudzi kuti akakonzekere magule ku Mzuzu, poti kunkabwera mwini dziko. Masiku amenewo sunkati ndili ndi wodwala. Apongozi aakazi anakwera, mlamu wanga anakwera. Ine anandisiya chifukwa mimba inali ya miyezi isanu ndi umodzi, ndipo mayi wotsogolera anati ndikawonongera anzanga mzere.

M'mawa wachitatu ng'ombe zinalira m'khola mpaka dzuwa kukwera, osatsekulidwa. Ndinapita kunyumba kwawo. Ndisanafike pakhonde ndinamva kupuma kwawo, kwafupikufupi, ngati munthu amene wathamanga chitunda. Ndinagwada pakhomo. Ana onse anali kusukulu, womutuma panalibe. Ndiye ndinatuma chitseko.

"Chitseko iwe, uwauze adada kuti tikupita kuchipatala."

Kenako mawu anatuluka amodziamodzi: "Chijaro... uwaphalire... ni chikhoso waka." Akuti chitseko chindiuze kuti ndi chifuwa chabe.

Apa mtima wa kwathu unandikwera. "Chitseko, uwauze kuti ngolo ndakaitana kale. Akakana ndikhala pompano osadya, ine ndi mdzukulu wawo yemwe."

Ngolo ndinali ndisanaitane, Mulungu andikhululukire. Koma ndinamva bedi likulira, kenako nsapato zakuda zija zikukokedwa pansi. Ndinathamangira kwa mkulu wina woyandikana nafe, amene anamanga ng'ombe zake n'kutifikitsa ku Bolero. Iye sakanapitirira, anali ndi mkazi wakhungu kunyumba. Pachipatala chaching'ono cha pamenepo anangowamvetsera pamsana, kulemba kapepala, n'kunena kuti tisachedwe, tipite ku Boma. Tinapeza lole ya fodya. Iwo anakhala kutsogolo, ine pamwamba pa mabelo. Polowa m'tauni achinyamata a chipani anatiimitsa kufuna makhadi. Mmodzi analoza mimba yanga n'kufunsa ngati wam'katiyo ali nalo lake. Ndinamuuza kuti amufunse yekha akabadwa. Dalaivala anandiponyera diso loti mayi inu mutiphetsa, koma mnyamatayo atasuzumira kutsogolo n'kuona mmene apongozi ankapumira, anatikwezera dzanja kuti tipite.

Ku Rumphi Boma tinalandiridwa ndi bambo wina wamfupi, wa ku Mulanje, amene aliyense ankamutchula adokotala ngakhale anali wothandizira chabe. Anawavula apongozi malaya. Ine ndinatembenukira kukhoma, kumene kunali chithunzi cha mwini dziko, chija chinali pakhoma lililonse. Ndinkangomva. Adokotala anaika dzanja pamsana pawo n'kumagogoda ndi chala, monga timagogodera mgolo kuti tidziwe pamene madzi alekezera. Kumanzere kunkalira ngati ng'oma. Kumanja, kuyambira pansi mpaka pafupi ndi phewa, kunkangoti di, di, di.

"Mayi, tamverani," anatero. "Bambo anuwa ali ndi madzi m'chifuwa. Sali m'kati mwa phapo ayi, ali pakati pa phapo ndi nthiti. Akulipanikiza phapolo moti likulephera kufutukuka. Tikawasiya, sindikulonjezani za mawa. Tiwapopa lero lomwe."

Ndinafunsa ngati awang'amba. Anaseka. Anati ayi, ndi singano chabe, yolowera kumsana pakati pa nthiti ziwiri. Koma anaonjeza kuti ntchito yonse yagona pa chinthu chimodzi: wodwala akhale tsonga, aweramire kutsogolo, manja ali m'mwamba kuti nthiti zitakasuke, ndipo asagwedezeke. Akadzidzimuka kapena kutsokomola mwamphamvu singano ili m'kati, ikhoza kubaya phapo lenilenilo.

Anatilowetsa m'kachipinda ka pambali pa wodi ya amuna. Anesi anabwera ndi thireyi ya zitsulo zongophika kumene, nthunzi ili tolotolo. Anawakhazika apongozi m'mphepete mwa bedi lalitali n'kuwaikira tebulo ndi pilo kuti atsamirepo. Sizinatheke. Mphamvu zinali zitawathera m'njira. Akati atsamire, ankatsetsereka n'kupendekera kumbali ngati thumba losadzaza. Anayesa kawiri. Kachitatu anatsala pang'ono kugwa.

Adokotala anakankha tebulo lija ndi phazi. "Mayi, bwerani. Imani kutsogolo kwawo. Manja awo akhale pamapewa panu, mutu autsamiritse pa inu, inu muwagwire zolimba."

Anesi anali Mtumbuka, mayi wachikulire. Anatsitsa mawu: "Adokotala, uyu ni mkamwana wawo."

"Ndiye?"

"Sangawagwire. Ngakhale kuima pamene waimapo n'kulakwa kale."

Adokotala anapukusa mutu. Anati anesi akufunika pa kampopi ka sirinji, wantchito wamwamuna wapita ndi galimoto kukatenga wovulala, ndipo amuna onse a mu wodi ndi odwala. "Kapena tidikire mwana wawo achoke ku Chikwawa?"

M'chipindamo munkangomveka kupuma kuja. Ine ndinayang'ana pansi monga mwa masiku onse, n'kuona mapazi aja. Nsapato anali atawavula. Zikhadabo zinali zitayamba kuda. Zaka ziwiri ndinali nditawerenga mapazi amenewo, ndipo ndinkadziwa kuti mtundu umenewo si wawo.

Ndinaganiza za azakhali a mwamuna wanga, amene ankangodikira tsiku loti anene kuti Mchewa alibe mwambo. Ndinaganiza kuti mwina apongozi eniakewo sadzandikhululukira powaona ali chomwecho, opanda malaya, nthiti zili pamtunda. Zonsezo ndinaziganiza, sindinama. Koma miyendo inali itayamba kale kuyenda.

"Phepani, adada," ndinatero. Aka kanali koyamba kuwalankhula popanda mwana, popanda amama, popanda chitseko.

Ndinanyamula manja awo n'kuwaika pamapewa panga. Anali otentha, opepuka. Chipumi chawo chinagwera pakhosi panga. Ndinawagwira m'mapewa, maso anga n'kuwaponya kukhoma. Anesi anang'ung'udza kena kake ngati pemphero n'kutembenukira ku thireyi yake.

Adokotala anawerenga nthiti ndi chala kutsika nazo, n'kudinda ndi chikhadabo pamene ankafuna. Anapakapo mankhwala ofiirira, fungo lake n'kudzaza chipinda. Anayamba ndi kajekeseni kakang'ono kochititsa dzanzi. Kenako anatenga singano yeniyeniyo. Ndinaiona podutsa pamwamba pa phewa lawo, ndipo ndinalakalaka ndikanapanda kuiona. Inali yaitali kuposa chala changa, yolumikizidwa ku sirinji yagalasi yonenepa, pakati pali kampopi ndi kapaipi ka labala kolowera m'botolo limene linali pansi.

"Bambo, tsopano musapume mwamphamvu. Mayi, gwirani."

Singano italowa, zala zawo zinandikanikiza m'mapewa mpaka ndinamva kuwawa. Sanabuule. Koma ndinamva chifuwa chawo chikuyamba kututuma, kutsokomola kukubwera kuchokera pansi. Adokotala anakumvanso. "Ayi, ayi, bambo, limbani! Mayi, alankhuleni, auzeni chilichonse!"

Ndiwauze chiyani munthu amene sindinachezepo naye? Mutu unaima. Chimene chinatuluka pakamwa panga chinali nyimbo, yomwe ija inawathera pakati tsiku la Sabata. Ndinaiimba m'Chitumbuka changa chopunduka, pafupi ndi khutu lawo. Ndipo chifukwa cha mantha ndinaiyamba pamwamba kwambiri kuposa kale lonse. Sindinakwere mumtengo chabe tsiku limenelo, ndinafika kunsonga.

Thupi lawo linauma gwa. Ndikhulupirira kuti mkwiyo wa mphunzitsi unaposa chifuwa. Anaiwala kutsokomola n'kuyamba kumvetsera mmene ndinkaiphera nyimbo yawo. Pang'onopang'ono kupuma kwawo kunayamba kutsata mizere ya nyimboyo: ndikapuma ine, nawonso n'kupuma.

Madzi anayamba kubwera. Adokotala ankakoka sirinji, anesi n'kutembenuza kampopi, madzi n'kutsikira m'botolo, kenako n'kuyambiranso. Ndinkayembekeza magazi kapena mafinya, koma anali madzi achikasu, oyera bwino, ngati tiyi wa masamba obwereza. Ndinadabwa kuti chinthu chooneka chosalakwa chotero n'chimene chinkafuna kutiphera munthu. Botolo linadzaza, anesi n'kusinthira lina. Ine ndinamaliza ndime zonse n'kubwerera poyamba.

Pakati pa ntchitoyo mwana wa m'mimba anadzuka. Kaya ndi nyimbo, kaya ndi kupanikizika, anaponya mwendo mwamphamvu, ndipo mimba yanga inali itagunda pachifuwa pa agogo ake. Anamva. Ndikudziwa kuti anamva, chifukwa mpweya wotentha unatuluka m'mphuno mwawo kufika pakhosi panga, kaphwete kakang'ono.

"Musaseke, bambo!" anakalipa adokotala. "Kuno anthu amalira, inu mukuseka?"

Botolo lachiwiri lisanadzaze, adokotala anati basi. Anati madzi otere sachotsa onse tsiku limodzi, phapo limafuna kufutukuka mwapang'onopang'ono, otsalawo adzaona mawa kapena mkuja. Anazula singano, kutsindira thonje pabalapo n'kumata pulasitala. Anathira madzi pang'ono m'kabotolo koti akapime. Apongozi anakoka mpweya wautali, woyamba wautali m'miyezi yambiri, ndipo ndinaumva ukulowa mpaka pansi. Anatsokomola pang'ono, adokotala n'kunena kuti tsopano palibe kanthu, ndi phapo likudzuka.

Mutu wawo unali udakali pakhosi panga pamene ananong'ona mawu oyamba amene anandiuzapo ine mwini:

"Mwakwezga chomene."

Ndakweza kwambiri! Munthu wangobwerera kumene kuchokera pakhomo pa manda, choyamba n'kudandaula za nyimbo. Anesi anaseka mpaka kugwira bedi. Ine ndinatuluka panja, kukhala pansi pa mtengo, n'kulira ngati mwana.

Atapima anapeza kuti ndi chifuwa chachikulu. Anawapopanso kamodzi, wantchito wamwamuna uja atabwera, n'kuwayambitsa majekeseni a tsiku ndi tsiku ndi mapiritsi odzaza dzanja. Inenso anandipima n'kupeza kuti ndili bwino. Apongozi aakazi anafika patapita masiku atatu, atavalabe nsalu ya magule. Nkhani anali ataimva kale pageti, poti chipatala sichisunga chinsinsi. Anandipeza kumalo ophikira odikirira odwala. Ndinagwada.

"Akuti unawagwira adada."

"Inde, amama."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Anali olemera?"

"Ayi, amama. Opepuka ngati mwana."

Anakhala pansi pomwepo, pafumbi, n'kuphimba nkhope ndi nsalu ija. Ine ndinasonkhezera moto kuti anthu aziti ndi utsi.

Kumudzi sizinathere pomwepo. Azakhali aja anati zimene ndinachita n'zosamveka, ndikanaitana mwamuna aliyense wodutsa mumsewu. Ena anati pafunika nkhuku yopepesera. Ena anati ayi, wopepesa ndani, wopepesedwa ndani? Onse ankadikira kuti mwiniwake akatuluka m'chipatala anene. Anatuluka patapita miyezi iwiri, ndipo sananene kanthu. Ine ndinabwerera kogwada m'mbali mwa njira, iwo anabwerera kukhala mapazi. Malalanje anali atatha nyengo yake, choncho ngakhale pamtondo panalibe chondiuza. Zinandiwawa, ndisabise. Ndinkadzifunsa ngati akundithokoza kapena akuchita nane manyazi, ndipo usiku ndi usana yankho linkasintha. Mwana anabadwa, wamkazi, iwo n'kumupatsa dzina kudzera mwa amama, monga mwa mwambo.

Nyimbo miyezi yonseyo ankayambitsa mkulu wina amene ankangoyamba pamene pamukomera. Mvula yoyamba itagwa, Sabata lina, tinaona apongozi akuimirira kutsogolo, jekete ikulendewera m'mapewa. Tchalitchi chinati zii. Ine ndinali kumbali ya amayi, mwana ali kumsana, maso ali pa nsapato zakuda zija. Anatchula nambala ya nyimbo, ndipo inali yomwe ija. Ndinamva kachitsulo kakulira pabondo. Kenako ndinaona dzanja likutsika n'kukabweza m'thumba.

Anaiyamba pamwamba. Pamwamba penipeni, kunsonga kuja ndinafika ine m'kachipinda ka ku Boma.

Abambo a mawu aakulu anayesa kutsatira n'kukakamira pakhosi ngati atambala achimfine. Amayi anayang'anana. Aliyense ankadikira dzanja lija kuti liimike nyimbo tiyambirenso, koma silinakwere. M'tchalitchi chonse munthu mmodzi yekha ndiye amene nyimboyo inamukwana bwinobwino, ndipo kwa mzere wathunthu tinaimba awiri, iwo ndi ine, ena asanatipeze. Potuluka anthu ankanong'onezana kuti majekeseni aja awaononga makutu, n'zachisoni, munthu amene sankaphonya. Azakhali anavomereza kuti n'zoona. Apongozi aakazi okha ndiwo ankangokonza duku lawo.

Koma ine ndinali nditalakwira kale mwambo kachiwiri. Pakati pa mzere uja ndinadzutsa mutu n'kuwayang'ana kumaso, ndipo ndinapeza iwo akundiyang'ana kale. Ndevu anali nazo, zochepa, zoyera, ndipo zinkanjenjemera.